Kamaginito Kofiira

Pakhoma la m'kolido, pakati pa chitseko cha labu ndi sinki yosambira m'manja, panali bolodi loyera. Aliyense wogwira ntchito pa pulojekiti ya mafuta odzola atsopano anali ndi mzere wake pabolodipo, ndipo kumapeto kwa mzerewo ankamatapo kamaginito. Kobiriwira kankanena kuti zonse zili bwino. Kachikasu kankanena kuti mapazi ayamba kulemera. Kofiira kankanena kuti ntchito yaima, mwiniwake akufuna thandizo. Lamulo linali limodzi lokha: kamaginito ka mnzako sugwira.

Woyang'anira pulojekitiyo anali mtsikana amene onse ankamuitana kuti Kalendala, chifukwa moni wake unkathera pa funso lakuti, "Ndiye zitha liti?" Iye sankasakaniza mafuta, sankajambula mabotolo. Ntchito yake inali kudziwa kuti ntchito iti ikudikira iti, ndani watsala m'mbuyo, ndipo Lolemba lililonse m'mawa ankajambula bolodilo pafoni n'kutumiza kwa Madamu, mkulu wa nthambi ya kafukufuku, amene ofesi yawo inali m'chipinda cham'mwamba. Madamu akaona zobiriwira zokhazokha ankalola kuti ntchito zotsatira ziyambe. Akaona chofiira ankatsika masitepe tsiku lomwelo.

Lolemba limenelo Kalendala anafika anzake asanafike, monga ankachitira masiku amenewo. M'kolido munali zii, mukununkhira sopo wokolopera. Anaima pa mzere wolembedwa kuti "Kuyesa mafuta pa kutentha". Kamaginito kake kanali kofiira.

Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenako anakamatula. Kanamveka konata pang'ono m'zala koma sanalabadire. Anakaponya m'kabokosi, n'kumatapo kobiriwira, n'kujambula, n'kutumiza.

Mzerewo unali wa Magalasi, katswiri wosakaniza mafuta. Anali mnyamata wamtali, wolankhula motsitsa, amene magalasi ake ankangotsetserekera kumphuno, iye n'kumawakankha ndi kuseri kwa dzanja chifukwa zala zinkakhala m'magolovesi. Kampani inamulemba chifukwa cha pulojekiti imeneyi yokha. Pulojekiti ikafa, nayenso ulendo.

Ntchito yake inali kuika timabotolo ta mafutawo mu uvuni wa m'labu, kuti aone mmene angakhalire atatha miyezi m'golosale yotentha kapena m'chikwama chosiyidwa padzuwa. Mafuta abwino amatuluka ali oyera, osalala. Ake ankatuluka atalekana, mafuta pamwamba, madzi pansi. Lachisanu lililonse, anzake ataweruka, ankatsegula uvuni, n'kupukusa mutu, n'kumata kofiira.

Tsiku loyamba kuona kofiirako, Kalendala anakumbukira pulojekiti ya sopo wa tsitsi imene inatsekedwa chaka chatha, ndi mmene anthu ake anatulukira atanyamula makatoni. M'maganizo mwake anaona Magalasi akutsika masitepe a panja ndi katoni yake, osacheuka. Anadziuza kuti, mlungu umodzi wokha. Munthu wanzeru chonchi apeza yankho, ndipo palibe adzadziwe kuti panali vuto. Mwina tsiku lina, atakhala awiri penapake pamthunzi, adzamuuza, onse n'kuseka.

Mlungu umodzi unabala unzake. Poona zobiriwira, a Wamabotolo, bambo wachikulire wojambula ndi kuitanitsa mabotolo, anaitanitsa mabotolo onse. Kufakitale anachotsa ntchito zina pa makina kuti mafuta atsopano apeze malo. A zamalonda anasindikiza zithunzi. Ndipo masana a Lolemba limeneli kunali msonkhano umene ankautcha wa pageti, chifukwa pamenepo pulojekiti inkadutsa kupita kufakitale, kapena kubwezedwa, kapena kutsekedwa.

Dzuwa litakwera pang'ono, chitseko cha labu chinatseguka.

"A Kalendala, tabwerani muone ana anga," anatero Magalasi.

Kalendala analowa mtima ukugunda, monga unkachitira nthawi zonse akamva mawu amenewo. Magalasi anakweza kabotolo kuwindo.

"Onani. Ngati banja loti lakangana koma nyumba ndi imodzi."

"Mwina a mlungu uno agwirana."

"Sagwirana. Ndinakuuzani kuti pakufunika mankhwala ena ogwirizanitsa mafuta ndi madzi, komanso andibwereke makina aakulu osakanizira. Munati mwawauza Madamu."

"Ndinawauza," anatero Kalendala akuyang'ana sikelo ya patebulo. "Ali ndi zambiri."

Magalasi anatseka chitseko ndi phazi, n'kuyandikira. Ankanunkhira mandimu, fungo limene ankathira m'mafutawo.

"Ndikuuzeni kanthu. Zija munanena, zoti mwina amayi okolopa amagwetsa timaginito n'kubwezera molakwika, ndinazikhulupirira poyamba. Koma chokolopera chimasankha mtundu? Mlungu uliwonse mzere wanga wokha? Alipo amene akusintha dala. Ine ndikuganizira a Wamabotolo. Chofiira changa chikanaimitsa mabotolo awo."

"Musawaganizire choncho. Ndi munthu wamkulu."

"Lero tidziwa. Lachisanu ndinapaka kamaginitoko mankhwala ena a muno. Saoneka, sanunkha, sapweteka. Koma khungu limene lawakhudza likaona dzuwa limada ngati lagwira makala." Anamwetulira mwamanyazi, ngati mwana amene wakonza msampha wake woyamba. "Ndikuuza inu nokha. M'nyumba muno ndi inu nokha amene mumandimvetsera."

Kalendala anatuluka. Anakalowa kuchimbudzi cha akazi n'kutsegula mpopi. Zala zinali zoyera. Anasamba ndi sopo, anasambanso, anapukuta ndi pepala mpaka khungu linawawa. Anakweza dzanja kuwindo kuti aonetsetse, ndipo pamenepo m'pamene anakumbukira za dzuwa, n'kulibweza msanga ngati wapsa.

Pofika nthawi ya tiyi, chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho zinali zitayamba timadontho ngati dzimbiri. Ankalemba pakompyuta ndi dzanja lamanzere, lamanja lili pansi pa desiki. A Wamabotolo anadutsa ndi kapu yawo yong'aluka chogwirira.

"Mwana wanga, bolodi lako lija ndi dimba lenileni, kubiriwira! Lero tilowa pageti ngati akwati. Nanga nkhope yagweranji? Sunadye?"

"Mutu, bambo."

"Mutu pa msinkhu wako ndi mnyamata. Ife timadziwa."

Anapita akuseka okha.

Nthawi ya nkhomaliro Kalendala anathamangira kwa mkulu wake wobadwa naye, amene ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala kutsidya kwa msewu waukulu. Dzanja analibisa m'thumba la jekete, koma pakati pa msewu njinga yamoto inamudutsa pafupi, chikwama chinatsetsereka paphewa, ndipo anachigwira ndi manja awiri mpaka kutsidya. Dzuwa linali pamutu. Atalowa m'sitolomo zala zitatu zija zinali bii.

Mkulu wake anasiya kupanga mapaketi pashelefu.

"Iwe, wagwira chiyani? Wasaina ndi chala ngati agogo?"

"Asisi, musaseke. Ndipatseni chochotsera."

Anamulowetsa kuseri kwa kauntala, pakati pa makatoni ndi kafiriji, n'kuyamba kupukuta ndi thonje la sipiriti. Thonje linkatsala loyera, zala zili chidere.

"Izi si inki. Ndi za wa magalasi uja eti?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Munthu amene umamutchula ngakhale tikukamba za denga lodontha? Lankhula."

Kalendala anafotokoza zonse, akuyang'ana pansi. Mkulu wake anayamba akuseka, koma pofika pakati anali atasiya.

"Dikira ndimve bwino. Chofiiracho ndiye kukuwa kwake?"

"Eee."

"Ndiye munthu akukuwa kuti ndikumira, iwe waima pamtunda n'kumauza anthu kuti akusambira?"

"Ndimafuna asachoke, asisi."

"Anzako akakonda munthu amamugulira sokosi! Iwe wapita kukamutseka pakamwa. Iyeyo akudziwa n'komwe kuti umamukonda?"

Kalendala anapukusa mutu.

"Mayo ine. Mng'ono wanga ndi sukulu yake yonseyi." Anatsegula kabati n'kutulutsa timabandeji tomata. "Bweretsa kuno. Ukanene kuti unadzicheka podula anyezi. Ndikumanga chifukwa tinayamwa bere limodzi, koma bandeji sabisa fungo la chilonda. Wamva?"

Chipinda cha msonkhano chinali ndi tebulo lalitali ndi fani imene inkalira ngati ikudandaula. Madamu anakhala kumutu, magalasi owerengera ali pachipumi. Panalinso a Wamabotolo, mayi wa zamalonda, Magalasi, ndi Kalendala amene anakhala pafupi ndi khoma, dzanja lamanja lili pamwendo.

Pageti pankafunsidwa mafunso omwewo nthawi zonse. Zimene tinalonjeza tachita? N'chiyani chingatigwetse kutsogolo? Tipitirire, tibwerere kapena tisiye? Kalendala anaonetsa chithunzi cha bolodi pakhoma n'kuwerenga mzere ndi mzere. Mawu ake ankamveka ngati akuchokera m'chipinda china. Atafika pa mzere wa kutentha anangoti, "Uwu uli monga mukuonera," n'kudumphira pa wotsatira.

"Zakoma," anatero Madamu. "Sindinaonepo pulojekiti yoyenda chonchi. Ngati palibe wotsutsa..."

Magalasi anatulutsa kabotolo m'thumba la malaya ake a m'labu n'kukaika pakati pa tebulo. Aliyense anaona mzere wachikasu wa mafuta ukuyandama pamwamba pa madzi otuwa.

"Awa ndi mafuta athu, Madamu. Atuluka mu uvuni Lachisanu. Onse akhala akutuluka chonchi kuyambira pachiyambi."

Madamu anatsitsa magalasi kuchoka pachipumi. Anatenga kabotoloko, anakapendeketsa, anakabweza.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero motsitsa, osamaliza. "Nanga bwanji mzere wanu ndi wobiriwira?"

"Ine ndimamata chofiira Lachisanu lililonse. Lolemba ndimapeza chobiriwira. Alipo amasintha, ndipo si amayi okolopa monga ndinauzidwa." Analoza chithunzi cha bolodi pakhoma. "Ndipo lero zala zake ndi zakuda, chifukwa kamaginitoko ndinakapaka mankhwala."

Ananena zimenezi akuyang'ana a Wamabotolo. Bamboyo anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, ngati pali wina, kenako anadziloza pachifuwa.

"Iwe mnyamata, ukunena ine? Ine ndinayamba ntchito pano iwe ukuyenda wopanda kabudula!" Anamenyetsa manja awiri patebulo, zikhatho kumwamba. "Onani! Zoyera ngati za wansembe. Tembenuzani nonse, tione mfitiyo."

Mayi wa zamalonda anatambasula manja ake akuseka mwamantha. Madamu nawonso anaika awo, nkhope ili gwa. Kalendala anaika lamanzere.

Magalasi anayang'ana manja a a Wamabotolo nthawi yaitali, ngati akudikira kuti ade. Kenako maso ake anayenda pang'onopang'ono kuzungulira tebulo, mpaka anafika pa dzanja limodzi lija. Kuchokera pamene anakhala ankatha kuona pamwendo pa Kalendala. Anaona timabandeji titatu. Magalasi ake anatsetserekera kumphuno, ndipo sanawakankhe.

"Madamu," anatero, "mwina mankhwalawo sanagwire. Tizisiye. Cholakwa ndi changa. Ndinayenera kukwera masitepe ndekha kudzakuuzani. Bambo, pepani kwambiri."

Munthu amene Kalendala anamutseka pakamwa milungu yonseyi anali kumuphimba tsopano, pamaso pa anthu, akudzinamizira yekha. Zimene iye ankazitcha chikondi pamene ankazichita yekha m'kolido, ataziona zikuchitidwa ndi wina zinaoneka mmene zinalili. Linali bodza basi, ndipo linali kufuna kugwera munthu wosalakwa.

Kalendala anakweza dzanja lamanja n'kuliika patebulo. Anamatula bandeji woyamba, wachiwiri, wachitatu. Phokoso lake linamveka kuposa fani.

Mayi wa zamalonda anayang'ana kuwindo.

"Inu?" anatero Madamu. "Inu amene ndinakupatsani bolodi?"

"Ine, Madamu."

"Ndipo zimene anapempha, zoti munali kundiuza?"

"Sindinakuuzeni."

"Chifukwa?"

Kalendala anafunafuna yankho la kuofesi, loti ankaopa kuchedwetsa ntchito, loti ankayembekeza zotsatira zabwino. Koma ananena zoona.

"Ndimaopa kuti mukaona chofiira mutseka pulojekiti. Ndiye iwo..." Sanathe kuyang'ana mbali imene kunali Magalasi. "Iwo achoka."

Aliyense anamva, ndipo Kalendala anadziwa kuti aliyense wamva. Chinsinsi chimene ankachisunga ngati dzira, chimene ankafuna kudzachinena tsiku lokongola ndi mawu osankha, chinali chitagwera patebulo la msonkhano pafupi ndi kabotolo ka mafuta owonongeka.

"Aaa, mwana wanga," anatero a Wamabotolo. Sanali kuseka.

Madamu anavula magalasi n'kutikita m'maso.

"Mukuganiza kuti ya sopo wa tsitsi ija ndinaitseka chifukwa cha chofiira? Ndinaitseka chifukwa chofiira chinabwera mochedwa. Kafukufuku amalephera, n'chifukwa chake timafufuza. Mukanandionetsa mlungu woyamba, ndikanamupatsa makina, ndikanaimitsa mabotolo, ndikanasuntha tsiku, ndipo palibe akanakwiya. Ntchito yanu yonse inali imeneyo, kuti nkhani yoipa indipeze ikadali yaing'ono." Anakankha kabotolo kaja ndi chala. "Lero mabotolo ali m'njira, makina aima kudikira ife, zithunzi zasindikizidwa. Eni kampani ndikawauze kuti tiyambirenso? Sandimvera. Ndimawadziwa."

Anayang'ana Magalasi.

"Pulojekiti sidutsa, ndipo sindikunamizani kuti ibwereranso. Mukhala mpaka kutha kwa mwezi, mulembe bwinobwino zonse zimene mwapeza, kuti wodzayesa m'tsogolo asayambire pa ziro. Kalata yabwino ndikulemberani, mwaigwirira ntchito. Koma tsiku lina mukadzaona kuti palibe akukuyankhani, mudzakwere masitepe."

"Ndamva, Madamu."

"Inu a Kalendala, lero muimitsa zonse zimene zinayamba chifukwa cha chobiriwira chanu. Osati pafoni. Muyambire kufakitale, mukawauze akapitawo pamaso. Mukapepesenso amayi okolopa aja ngati dzina lawo linalowamo. Za ntchito yanu tikambirana mawa ku ofesi kwanga."

Kalendala anatola timabandeji tija patebulo, n'kutuluka.

Fakitale inali kuseri kwa bwalo lalikulu loimikapo magalimoto. Anayenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'thumba, akudutsa migolo ya buluu ndi mapaleti a matabwa osanjikizana. Ali pakati pa bwalo anamva mapazi kumbuyo. Sanacheuke, koma fungo la mandimu linamuuza.

"Akakufunsani chifukwa chimene mafutawa akulekanirana simutha kuyankha," anatero Magalasi. Anali ndi kabotolo kaja m'manja. Ankayenda pambali pake, koma pakati pawo pakanatha kudutsa wilibala.

"Pepani," anatero Kalendala.

Galimoto yonyamula katundu inabwerera m'mbuyo ikulira, iwo anaima kuidikira.

"Ndinkabwera kwa inu Lolemba lililonse," anatero Magalasi akuyang'ana galimotoyo. "Ndinkabwerera kunyumba n'kumadzifunsa kuti kodi ndine wopanda pake chotani kuti Madamu sakutsika n'komwe. Ndinafika poganiza zosiya ntchito imeneyi, kukaphunzitsa ana. Ndipo ndanyoza bambo wamkulu pagulu."

"Ndikudziwa."

"Mukanangondiuza."

"Ziti?"

Anakankha magalasi ndi kuseri kwa dzanja, ngakhale sanavale magolovesi.

"Zonse ziwiri."

Kalendala anafuna kufunsa kuti akanayankha chiyani, koma anadziona kuti alibe ufulu wofunsa. Anatulutsa dzanja pang'ono n'kuyang'ana zala.

"Zichoka liti?"

"Sopo sachotsa. Mpaka khungu lisuwe lokha."

"Ndiye kuti mudzapita zisanathe."

"Mwina."

Anafika pachitseko chachikulu chachitsulo. M'kati makina ankalira, koma mzere umodzi unali chete, wotsukidwa, ukunyezimira, kudikira mafuta atsopano. Akapitawo a fakitale, bambo wonenepa wovala chipewa choyera, anawaona ali patali ndipo anabwera akumwetulira, akupukuta manja pa ovolosi.

"Eni ake afika! Tadutsa eti? Anyamata anga atsuka makinawa ngati mbale za alendo."

Anatambasula dzanja kuti apereke moni. Kalendala anayang'ana dzanjalo, anayang'ana thumba lake. Magalasi anaima kumbuyo pang'ono.

Kalendala anatulutsa dzanja lake lakuda zala n'kulipereka.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yoipa," anatero. "Ndipo yachokera kwa ine."